Kupalasa bwato kumtunda kwa Mukuvisi osawononga dambo: mmene ine ndimachitira

Agogo anga aamuna anabwera kuno ku Harare, ku Zimbabwe, mzinda uno ukadali Salisbury, anachokera ku Nkhotakota, munthu wa kunyanja weniweni amene bwato analidziwa asanadziwe nsapato, koma anamwalira ku Mabvuku osagwiranso nkhafi, zaka zonsezo anathera kuphika m'mayadi. Nde tsiku limene ine ndinakwera bwato koyamba pa Cleveland Dam ndinadziuza kuti za makolo izi, zili m'magazi, sindifunika wondiphunzitsa. Abale anga, sipanathe mphindi khumi ndinali m'madzi, foni inapita, nsapato imodzi inapita, ana amene amawedza cha kumtunda akuseka mpakana kugwira m'mimba. Magazi sapalasa bwato. Ndiye ndati ndilembe zimene ndaphunzira kuchokera tsiku limenelo, kuti amene mukufuna kuyesa musadutse mmene ndinadutsa ine, komanso kuti mukapita kumeneko musakaonjezere mavuto pa malo amene ali kale pa mavuto.

Yambani ndi kudziwa kumene mukupita

Ambiri a ife mtsinje wa Mukuvisi timaudziwa pa mlatho, kombi ikamadutsa cha ku Mbare kaya ku Glen Norah, timatseka mphuno basi. Madzi akuda, thovu, matewera a ana, mabotolo. Munthu ukamuuza kuti mtsinje womwewu kumtunda kwake madzi ndi oyera moti umaona tinsomba pansi amaganiza kuti ukunama. Koma ndi choncho. Mukuvisi umayambira kummawa kwa tauni, ku dambo lozungulira Cleveland Dam, njira ya ku Mutare ukangodutsa Msasa. Damuli linamangidwa mu 1913 ndipo kale ndi limene linkamwetsa tauni. Kuchoka pamenepo mtsinje umatsika kudutsa mafakitale a ku Msasa, Mukuvisi Woodlands, Graniteside, mmbali mwa Mbare, mpakana kukathira mu Manyame, ndipo Manyame ndi amene amadzaza Lake Chivero. Chivero anamangidwa mu 1952, ndipo madzi amene amatuluka pa mpopi wanu, tsiku limene asankha kutuluka, ambiri amachokera kumeneko kudzera ku Morton Jaffray, kumene amatsukira madzi a tauni. Mwaiona nkhaniyo eti? Tauni ili kumtunda, nyanja imene timamwa ili kumunsi. Chilichonse chimene timataya chimatsetsereka kupita ku mtsuko wathu womwe.

Tsono kumtundako kulibe phiri lalikulu ngati Mulanje kaya Zomba kumene umaona madzi akugwa pa mwala. Harare ali pa chitunda chafulati, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mitsinje ya kuno imabadwa m'madambo. Azungu amati vlei, koma ife mawu tili nawo kale, dambo. Mvula ikagwa kuyambira November mpakana March, udzu wa m'dambo umagwira madzi kuti asathamange, amalowa pansi pang'onopang'ono, dothi lakuda lija limasunga ngati siponji, kenako mwezi wa August, September, October kunja kutauma gwa, madziwo amatulukabe m'tiakasupe ting'onoting'ono nkumadyetsa mtsinje. Mizu ya udzu ndi bango imasefanso zonyansa. Ndiye mukamamva kuti mtsinje wa kasupe musamayembekezere chitsime chimodzi chobwata ayi, ndi dambo lonse limene likudontha. Mukalilima, mukalimangapo nyumba, mukaliotcha chaka ndi chaka, kasupe amaphwa, mvula ikagwa madzi amangothamanga tsiku limodzi nkukokolola dothi, kenako mtsinje gwa.

Mu 2013 Cleveland Dam inalowa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, pamodzi ndi Monavale Vlei kumene kumadutsa madzi a Marimba, komanso Chivero ndi Manyame. Ndanena izi kuti mudziwe kuti si thengo la mwini aliyense limene mungangofika nkuponya bwato. Mbali yaikulu ili mkati mwa Haka Game Park, pali geti, mumalipira, ndipo za bwato mumafunsa pomwepo, kaya mwabwera ndi lanu kaya mukufuna kudziwa ngati alipo obwereka. Imbani foni kaye musananyamuke. Safunsa anadya phula. (Haka m'Chishona ndi ngaka, kanyama ka mamba kaja, ine sindinakaonepo kumeneko ndipo sindikulonjezani kuti mukakaona.)

Ndikuuzeni chilungamo pano kuti musadzanditukwane: kumtunda kwa mtsinje wotere si kwa munthu ofuna mafunde ndi kukuwa. Ofuna zimenezo pitani ku Zambezi kumunsi kwa Victoria Falls. Kuno mupalasa pa madzi odekha a damu, kenako mulowera kumene madzi amalowera, kumene kumapanikizika pakati pa bango, mpakana bwato litakana lokha. Ndipo likakana, lamaliza kulankhula. Tidzabwereranso pa mfundo imeneyi.

Nthawi yopitira

Ine ndimakonda April ndi May. Mvula yasiya, madzi adakali ambiri, udzu wobiriwira, kumwamba kulibe zoopsa. June ndi July kumakomanso koma madzi amazizira koopsa, mukagwamo mmawa mano amaombana mpakana masana, nde tengani zovala zosinthira zotentha. August ndi September kuli mphepo, makamaka dzuwa likakwera, ndipo bwato lopepuka mphepo imalitembenuza ngati tsamba. October madzi amakhala atatsika, mbali zina matope okhaokha.

Nyengo ya mvula samalani ndi zinthu ziwiri. Choyamba mphenzi. Dziko lino mphenzi zimapha anthu chaka chilichonse, ndipo munthu amene ali pakati pa madzi ndi iye wamtali kuposa chilichonse pamenepo. Mukangomva kugunda olo kutali, tulukani, musati tidikire tione. Chachiwiri madzi osefukira, mvula itha kugwa kwina inu osaiona, kamtsinje kamene mmawa kanali m'maondo masana nkukhala kakukokolola mitengo. Nthawi yomweyonso mbalame zambiri za m'dambo zimakhala zikuswa mu udzu, nde ndi nyengo yoti musamayandikire kwambiri mmbali.

Ola labwino ndi mmamawa, sikisi mpakana teni. Mphepo imakhala isanadzuke, mbalame zili kalikiliki, dzuwa silinayambe kuwawa.

Zonyamula

Jekete yoyandamitsa ija, laifu jaketi, ndi yoyamba ndipo pa iyi sindikambirana ndi munthu. Yovala, yomanga malamba, osati yokhalira ngati khushoni. Tivomereze, ambiri a ife obadwira ku Mabvuku, Mufakose, Highfield, Dzivarasekwa sitidziwa kusambira, olo makolo athu anali a ku Mangochi. Ndipo olo mumadziwa, kusambira mu dziwe la simenti ndi kusambira muli ndi jini ndi nsapato mwendo utakodwa mu zomera za pansi pa madzi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ya mwana ikhale ya saizi ya mwana, muyese kumunyamula pogwira m'mapewa a jeketeyo, ikakwera mpakana m'makutu ndi yaikulu.

Nkhafi ikhale yofika cha pa chibwano mukaiimika pansi, ngati ndi ya mutu umodzi ya bwato lotseguka. Kayak imayendera ya mitu iwiri. Tengani chigubu cha malita awiri chodula pamwamba chokapira madzi, chingwe cha mamita angapo chomangira bwato, wezulo, chipewa, madzi akumwa ochokera kunyumba, thawulo, nsapato zogwira phazi zoti zitha kunyowa chifukwa pansi pali mabotolo osweka ndi mbedza. Foni ilowe mu pulasitiki yotseka bwino kenako mu kathumba komangirira ku bwato kapena m'khosi. Ndi saka limodzi lopanda kanthu, la ufa lija la makilo 50 kaya la fetereza lochapa bwino, ili ndi la zinyalala, zanu ndi za ena.

Mowa siyani. Ndikudziwa wikendi, ndikudziwa kuti wina abwera ndi kula bokosi, koma imwani mutatuluka, bwato lili pa mtunda. Ndipo musapite nokha. Uzaninso munthu kunyumba kuti tapita kwakuti tibwera nthawi yakuti.

Kulowa m'bwato

Apa ndi pamene ndinagwera ine nde mvetserani. Bwato liikeni m'madzi osaya, liyandame lonse, osati theka pa mtunda theka m'madzi chifukwa likatero limagwedera kwambiri. Mnzanu aligwire. Inu werama, manja onse awiri agwire mbali ziwiri za bwato, phazi liponde pakati penipeni, osati mmbali, kenako linalo, nkukhala pansi nthawi yomweyo. Osaimirira. Osaimirira kuti mujambule, osaimirira kuti musinthane malo, osaimirira kuti muone nsomba. Thupi likakhala pansi bwato limakhazikika, ndipo madzi akavuta gwadani maondo pansi pa bwato, mudzaona kusiyana kwake.

Wodziwa kapena wolemerako akhale kumbuyo chifukwa ndiye amaongolera, wakutsogolo ndi injini komanso maso, ndi amene amaona chitsa kapena mwala nkunena. Katundu pakati, pansi. Mwana pakati, pansi, ndipo mumuuze poyambirira kuti akaona chinthu chokongola asasendere mbali imodzi.

Malo olowera sankhani amene anthu akulowera kale, pa mwala kaya pamene pali polimba. Musatsegule njira yanu yatsopano mu bango chifukwa choti pamenepo ndi pafupi ndi galimoto. Gombe la dambo ndi lofewa, mapazi a anthu khumi ndi bwato lokokedwa pansi zimasiya kanjira, mvula ikabwera kanjirako kamasanduka ngalande, chaka chamawa ndi chigwembe. Bwato nyamulani awiri, osalikwekweza.

Kapalasidwe

Dzanja limodzi pamutu pa nkhafi, linalo pakatikati, kutalikirana ngati mapewa anu. Tambasulani kutsogolo, mizani mutu wonse wa nkhafi m'madzi, kokerani kumbuyo motsata mbali ya bwato, ikafika pa chiuno itulutseni. Kupitirira pa chiuno mukungonyamula madzi nkudzitopetsa. Mphamvu ichokere m'chiuno ndi kumsana, thupi lizizungulira pang'ono, mukamakoka ndi mikono yokha theka la ola simufika. Amene munagwirapo khasu mukudziwa kuti munthu salima ndi manja okha, ndi chimodzimodzi.

Awiri muzipalasa mbali zosiyana, wina kumanja wina kumanzere, ndipo nkhafi zizilowa m'madzi nthawi imodzi. Mukapalasa mbali imodzi nonse bwato limapendekeka nkumazungulira. Wakumbuyo adzaona kuti olo zili choncho bwato likukhotera mbali imene iye sakupalasa, ndi chilengedwe chake. Mankhwala ake ndi akuti pomaliza kukoka, potozani nkhafi kuti mutu wake uime cham'mbali ngati chiongolero nkukankhira kunja pang'ono, bwato limabwerera mu mzere. Poyamba zimavuta, mudzayenda ngati njoka, mudzakangana, ine ndi mlamu wanga tinatsala pang'ono kusiya kulankhulana tsiku lachiwiri, iye akuti ndinu achimwene mukukhotetsa, ine ndikuti ndinu alamu simukukoka. Pofika ulendo wachitatu manja amadziwa okha. Kuima ndi kumiza nkhafi nonse nkugwira nji, kubwerera mmbuyo ndi kukankhira madzi kutsogolo. Yesani zimenezi pafupi ndi gombe kaye kwa mphindi 20 musanapite patali.

Lamulo limene agogo ankanena pa nkhani za kunyanja ndipo ndalipeza loona kuno: pita motsutsana ndi mphepo ukadali ndi mphamvu, ubwerere nayo utatopa. Pa mtsinje chimodzimodzi, yambani kukwera kumtunda, pobwerera madzi akuthandizeni. Ndipo yendani motsata gombe, osadula pakati pa damu kuti mufupikitse.

Likatembenuka, chifukwa tsiku lina lidzatembenuka, musalisiye. Bwato olo litadzaza madzi limayandama ndipo anthu amaliona patali kuposa mutu wa munthu. Gwirani, werenganani ngati nonse mulipo, imbani wezulo, kenako likankhireni ku gombe mukumenya miyendo. Ngati ndi pa madzi oyenda khalani kumtunda kwa bwato kuti lisakupanikizeni pa mwala, gonani chagada miyendo kutsogolo, musayese kuimirira pa madzi othamanga opitirira maondo chifukwa phazi likakodwa pansi madzi amakugwetsani chafufumimba. Mtengo wogwera mu mtsinje uzungulireni patali, madzi amadutsa mu nthambi koma munthu sadutsa. Ndipo khoma la damu kaya kakhoma kalikonse kotchinga madzi, olo kakuoneka kafupi ngati sitepe, musakayandikire, pansi pake madzi amazungulira nkumakubwezerani pomwepo.

Ng'ona. Ku Chivero ndi ku Manyame ziliko, izi si nthano. Malo ena alionse funsani oyang'anira ndi asodzi a pamenepo musanalowe, ndipo chizolowezi cholendewetsa manja ndi miyendo m'madzi chisiyeni kulikonse.

Mdani amene saoneka

Ife a ku nyanja likodzo timalidziwa, koma ana obadwira kuno ambiri salidziwa. Tizilombo take timakhala mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi odekha, mmbali mmene muli zomera, timatuluka nkulowa pa khungu, simumva kanthu kupatula mwina kuyabwa. Patapita masabata kaya miyezi ndi pamene munthu amayamba kutentha thupi, kupweteka m'mimba, kapena kuona magazi pokodza. Nde musasambire mwadala m'madzi osayenda, mukanyowa dzipukuteni msanga ndi thawulo mwamphamvu, ndipo ngati mwagweramo kapena mumapita kawirikawiri kayezetseni ku kiliniki pakapita miyezi iwiri, muwauze kuti munali m'madzi a damu. Mankhwala alipo, praziquantel, ndipo amagwira ntchito. Komanso inuyo musakodzere m'madzi kapena kudzithandiza mmbali, chifukwa ndi momwe mazira ake amabwererera kwa nkhono. Pitani ku chimbudzi musanalowe, zikavuta pitani kutali ndi madzi, mukumbe, mukwirire.

Madzi olo akuoneka oyera bwanji musamwe. Amene tinaona kolera ya 2008 imene inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, ndi ija ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro, sitifunika kuuzidwa kawiri.

Mukafika kumene bwato likukana

Apa ndi pokoma penipeni. Madzi amachepa, bango mbali zonse, phokoso la msewu wa Mutare limazimirira, mumangomva achule ndi madontho ochoka pa nkhafi. Akakowa oyera ataima mwendo umodzi, abakha a m'thengo, nantchengwa ndi mutu wake wa hamala uja amene agogo ankati chisa chake usachigwire, pena ng'azi ikudumphira m'madzi. Siyani kupalasa, bwato liziyenda lokha. Sipika ya nyimbo ija mukanaisiya kunyumba, mbalame ikauluka pa chisa chifukwa cha phokoso lanu mazira amatsala pa dzuwa ndi pa maso pa akhwangwala. Mukaona mbalame yayamba kusakhazikika, kutukula mutu, kulira, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani.

Nkhafi ikayamba kugunda pansi nkumadzutsa matope, mwafika. Musatsike kuti mukoke bwato, musathyole bango kuti mudutse, musakankhe ndi mtengo kuti muone kutsogoloko kuli chani. Kutsogoloko ndi kumene madzi akubadwira, pansi pake ndi pofewa, ndi moswera nsomba ndi achule, ndipo matope amene mwavundula amakakwirira zonsezo. Ofuna kuona kasupe weniweni apite wapansi, podutsa pouma, aone ali chapatali. Tembenukani mwakachetechete.

Pobwerera ndi nthawi ya saka lija. Botolo lililonse, jumbo iliyonse, makamaka ulusi wa mbedza ndi zidutswa za ukonde chifukwa zimenezi zimakola mbalame miyendo. Tolani zimene mungafikire muli chikhalire, wakutsogolo azitola wakumbuyo akusunga bwato, musasendere kunja kufuna botolo limodzi mpakana kugwa nalo. Magalasi osweka ndi majakisoni musagwire ndi manja. Saka mukatuluka nalo mupite nalo, osalisiya pa gombe kuti wina adzatenga, agalu ndi mphepo azibwezeretsa momwe munazichotsa.

Tsukani bwato, iyi ambiri amaiwala

Namasupuni mukumudziwa, amene mwadutsapo pa Liwonde mwamuona mmene amadzadzira mu Shire mpakana kusokoneza magetsi ku Nkula. Ku Chivero ndi mu Manyame alinso tho. Chomera chimenechi kwawo ndi ku South America, chimaswana mwachangu zedi, kachidutswa kamodzi kamoyo nkokwanira, ndipo njere zake zimakhala mu matope zaka zambiri zikudikira. Chikaphimba madzi kuwala sikulowa, mpweya umachepa, nsomba zimafa. Ndiye tangoganizani munthu wapalasa ku Chivero Loweruka, Lamulungu waponya bwato lomwelo kumtunda kwa Mukuvisi lili ndi matope ndi timasamba pansi pa mpando. Wanyamula matenda kuchoka kumapazi kupita nawo kumutu.

Nde mukatuluka m'madzi alionse chitani zitatu. Yang'anani bwato lonse, nkhafi, chingwe, nsapato, muchotse chomera chilichonse ndi matope ndi nkhono, muzitaye pouma kutali ndi madzi. Khuthulani madzi onse pomwepo musananyamuke. Kunyumba litsukeni pa udzu, osati pamene madzi akuthamangira mu ngalande ya msewu, kenako liume pa dzuwa masiku angapo lisanalowe m'madzi ena. Sopo ndi safu pa gombe ayi, kaya wotsukira bwato, kaya galimoto, kaya mbale za pikiniki.

Nkhani yovuta, ya madimba

Iyi ndiilemba mosamala chifukwa ikukhudza amayi anga omwe. Kwathu kulima dimba m'dambo ndi nzeru, si mlandu, ndipo makolo athu atafika kuno anapitiriza, chimanga, maungu, mbatata, mpiru, mmbali mwa timitsinje ta ku Mabvuku ndi Tafara. Mabanja ambiri akulira chimanga chimenecho, ndipo munthu amene mufiriji mwake muli nyama asabwere kudzanyoza mayi amene akulima kuti ana adye. Koma zoona zake zikhalabe zoona. Lamulo la kuno limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera pa gombe la mtsinje, ndipo a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi amene amaliyang'anira. Chifukwa chake si nkhanza. Khasu likachotsa udzu wa mmbali dothi limapita mu mtsinje nkukadzaza damu, fetereza amene mwathira wina amatsukidwa nkukadyetsa namasupuni ndi ndere zobiriwira zija kumunsi, kuphatikiza ndi suweji yochokera m'mapaipi ophulika. Mu December 2024 zipembere 4 zinafa ku Chivero zitamwa madzi a ndere za poizoni, pamodzi ndi mbidzi ndi nyama zina, nsomba zinayandama, usodzi unaimitsidwa. Madzi omwewo ndi amene amayenera kutsukidwa kuti afike pa mpopi.

Chimene ndinachita ine ndi amayi si kuwalalikira. Ndinapita nawo Loweruka lina, tinayeza mapazi akuluakulu 30 kuchoka pa madzi, ndinati amayi apa tisiye udzu umere, ine ndikuthandizani kugaula kumtundaku ndipo manyowa a nkhuku ndizibweretsa ndine. Anadandaula, anati iwe wayamba za azungu, koma anavomera theka, chaka chotsatira anavomera zonse ataona kuti mbali imene tinasiya sinakokoloke. Yambani ndi a kwanu, ku mpingo, ku sosaite ya maliro, kumene mawu anu amamveka. Kukalipira mayi wosamudziwa muli mu bwato ndi jekete yowala sikusintha kanthu, mungotukwanidwa.

Chenjezo lina kwa okonda kubzala mitengo. Loweruka loyamba la December ndi tsiku lobzala mitengo dziko lino, ndi zabwino, koma dambo si nkhalango imene yadulidwa, ndi malo a udzu chilengedwere. Mukabzalamo bulugamu mwaika mapampu amene azimwa madzi usiku ndi usana. Mitengo ibzalidwe kumtunda kouma, ya chilengedwe cha kuno, dambo lisiyeni ndi udzu wake. Moto nawonso, osasonkha pa udzu, nyama yanu otcherani pa malo amene anakonzedwa, ndipo muzimitse ndi madzi.

Mukaona zolakwika

Munthu wa m'bwato amaona zimene wa mu msewu saona: paipi imene ikutulutsa madzi a mtundu wachilendo, lole imene ikutaya zinyalala za zomangira m'dambo usiku nkusiya milu, maenje a okumba mchenga, zikhomo za mapuloti pamalo pamene mukuponda madzi, nsomba zakufa zambiri malo amodzi. Musalimbane ndi munthu, okumba mchenga ena ndi aukali ndipo inu muli ndi nkhafi yokha. Jambulani muli patali, sungani malo pa mapu a mu foni, lembani tsiku ndi nthawi, nkukapereka kwa oyang'anira malowo, ku EMA, kapena ku ofesi ya khonsolo ya dera lanu. Mabungwe ngati Harare Wetlands Trust ndi BirdLife Zimbabwe amatsata nkhani za madambo a mu tauni muno, ndipo anthu a ku Monavale anaonetsa kale kuti anthu wamba okhala pafupi akagwirizana dambo limatetezeka. Mukapereka lipoti kamodzi nkuona zii musadabwe, perekaninso, mukhale angapo, chithunzi cha malo omwewo mwezi ndi mwezi chimalankhula kuposa kudandaula pa WhatsApp.

Kuyambira December 2018 Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku loyeretsa dziko lonse, ambiri amangosesa kutsogolo kwa shopu nkujambulitsa. Ife kagulu kathu, anthu sikisi, mabwato awiri obwerekana, tinasankha kuti Loweruka lotsatira Lachisanu limenelo ndi la kumadzi, chifukwa Lachisanu tonse tili ku ntchito. Timakumana hafu faifi, ndalama ya pa geti ndi ya mafuta timasonkha Lachinayi kuti pasakhale manyazi pa geti, aliyense amabwera ndi saka lake, ndipo watsopano amakhala kutsogolo ndi jekete yomanga bwino, foni yake timasunga ife mpakana atatuluka.